ANAPWETEKA MSANA, KOMA ANAPHUNZITSA NGWAZI

Abale anga a m'migodi, sabata ino ndifuna kukuuzani mbiri ya munthu wina wa ku America, dzina lace Rod Dedeaux. Ndasankha iyeyu cifukwa ndaona anyamata ambiri amphamvu amene anapweteka pa nchito kapena pa bwalo la mpira, ndipo ataturuka m'cipatala anangokhala pansi nkumati zao zatha. Mmodzi wa iwo ndinali kugona naye cipinda cimodzi m'komboni, ndipo anabwerera kwao wopanda ndi khobidi lomwe.

Poyamba ndilongosole masewera ace, amene achedwa baseball. Mbali iri yonse ikhala ndi anthu 9. Wina aponya kampira kolimba, mnzace wa mbali yina akamenya ndi ndodo, nathamanga kuzungulira malo anai. Akafika pomwe anayambira osagwidwa, ndiye kuti mbali yace yapata cigoli cimodzi. Masewera onse ali ndi zigawo 9.

Bambo Dedeaux anabadwa m'caka ca 1914 mu mzinda wa New Orleans. Anaphunzira pa sukulu yaikuru ya University of Southern California ku Los Angeles, kumene anachuka pa masewerawa. Mu 1935 timu yaikuru ya Brooklyn Dodgers inamtenga, koma anangosewera kawiri kokha. Pasanapite nthawi anapweteka msana, ndipo njira yace ya kusewera m'matimu akuru inatsekeka akali mnyamata.

Tsono tamvani cimene anacita. Anatenga madola 500 nayamba nao nchito yonyamula katundu pa lore. Kampani yaceyo, yochedwa DART, inakula mpaka iye anasanduka munthu wacuma.

Mu 1942, nkhondo iri mkati, mphunzitsi wa timu ya sukulu yace ija, Sam Barry, anapita ku gulu la nkhondo la pamadzi, ndipo Dedeaux analowa m'malo mwace. Barry atabwerako anagwira nchito pamodzi, natenga cikho ca masukulu akuru a dziko lonse mu 1948. Barry anamwalira mu 1950, ndipo Dedeaux anatsala yekha. Popeza cakudya cace cinali kucokera ku malore, malipiro amene anali kutenga pa sukulupo anali dola imodzi pa caka.

Anaphunzitsa kufikira 1986. Timu yace inapambana masewera 1,332 nigonja 571, ndipo inatenga cikho cija nthawi 11. Kuyambira 1970 mpaka 1974 inacitenga zaka zisanu zotsatana. Ena mwa anyamata amene anapyola m'manja mwace, monga Tom Seaver, Fred Lynn, Mark McGwire ndi Randy Johnson, anakhala ngwazi m'matimu akuru omwe aja amene iye anasewerako kawiri kokha. Iye anali kuitana munthu ali yense kuti "Tiger", ndiye kuti cirombo conga nyalugwe.

Masewera amene ine ndiwakumbukira koposa ndi a mu 1973 mu mzinda wa Omaha. Timu yace inakomana ndi ya Minnesota, imene woponya mpira wace anali Dave Winfield, mnyamata wamtali ndi wa dzanja loopsya. Pa zigawo 8 zoyamba Winfield anaturutsa omenya 15 osakhudza bwino mpira, ndipo polowa cigawo cotsiriza Minnesota inali ndi zigoli 7, anyamata a Dedeaux alibe ndi cimodzi comwe. Koma sanataye mtima. Wina anamenya nafika pa malo oyamba, mnzace anamsuntha, winanso cimodzimodzi, mpaka Winfield anatopa nacotsedwa pa malo oponyera. Zigoli 8 zinalowa m'cigawo cimodzi cimeneco, ndipo anapambana 8 kwa 7. Pambuyo pace anagonjetsa Arizona State natenga cikho. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mu 1984 anatsogolera timu ya America pa masewera a Olympic ku Los Angeles, ndipo inagonja kwa Japan pa masewera otsiriza. Anamwalira pa 5 January 2006 ali ndi zaka 91.

Ine sindinena kuti yense wosunga ndarama adzalemera monga iye. Koma mnzanga wa m'komboni uja anali kudziwa mpira koposa ife tonse, ndipo anyamata a kwao akadapindula naye akadakhala kuti anaima pambali pa bwalo nkumawalangiza. Inu amene muli m'cipatala lero, kapena mwapatsidwa nchito yopepuka ya pamwamba, musamwaze ndarama za cipepeso, ndipo Lasabata likafika pitani ku bwalo. Nzeru za mpira sizikhala mu msana.

Tsalani bwino, abale, mpaka sabata ya mawa.