Mano a mu difu ndiwo amagawa mphamvu ndi liwiro

Galimoto ziwiri za injini yofanana zikhoza kusiyana kwambiri pamsewu: ina yonyamuka mwamphamvu, ina yothamanga patali. Kawirikawiri gwero la kusiyanako limakhala mu difu, chitsulo chija chotukuka pakati pa matayala akumbuyo.

M'menemo muli magiya awiri olumana mano. Giya yaing'ono imazunguzidwa ndi shafuti yochokera ku giyabokosi, ndipo yaikulu imapereka mphamvu kumatayala. Yaikulu ikakhala ndi mano 41 ndipo yaing'ono 10, shafuti imazungulira ka 4.10 kuti tayala lizungulire kamodzi. Mano akakhala 40 ndi 13, nambalayo imatsika kufika pa 3.08.

Nambala ikakula, mphamvu yofika kumatayala imakulanso. Difu ya 4.10 imaposa ya 3.08 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, n'chifukwa chake imayenera galimoto yonyamula katundu kapena yokwera zitunda. Mtengo wake ndi liwiro: injini zikamazungulira mofanana, galimoto ya 3.08 ikakhala pa makilomita 120 pa ola, inzakeyo imakhala pa 90. Kuti iipeze, injini yake imalira kwambiri n'kumwa mafuta ochuluka.

Komabe nambala yaing'ono payokha siithamangitsa galimoto. Injini yofooka imagonja kumphepo isanafike pamene magiya akanailola.

Wogula difu yogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kuwerenga mano asanalipire, makamaka ngati galimoto yake imakoka ndi matayala onse anayi. Nambala yakumbuyo ikasiyana ndi yakutsogolo, matayala amalimbana okhaokha mpaka magiya kuphwanyika.