Nthano ya Zithunzi Imasula Mwana Pakamwa

Amai ena anabwera kucipatala ndi mnyamata wa zaka 11. Sadya, sagona, akana sukulu. Tinapima malungo, palibe. Ndinamjambulira papepala mwana amene anzake amuseka kuti "ndiwe mkazi". Anayang'anitsitsa, nati, "Uyu ndine."

Makolo, jambulani naye nthano ya mabokosi anai: cimene cinacitika, cimene anamva mumtima, amene anamuuza, ndi mmene zinathera. Mau alembe yekha. Musamudule pakamwa.

Kusiyana ndi anzake si matenda. Ngakhale kukondana amuna kapena akazi okhaokha, bungwe la WHO linacotsa pa mndandanda wa matenda mu 1990. Cimene cidwalitsa mwana ndi kutonzedwa ndi kukwapulidwa. Akachula zofuna kufa, bwerani naye kucipatala tsiku lomwelo, kapena imbani Childline pa 116 kwaulere.