Mutu 4: Akhoza 100 Peresenti, Koma Mwa Ana Angati?

Examinations Council of Zambia ikangotulutsa zotsatira za giredi 12, mu Kabwe mumamveka nkhani imodzi: sukulu yakutiyakuti yakhozetsa 100 peresenti. Makolo n'kuyamba kuthamangira malo komweko. Pali mafunso awiri oyenera kufunsa munthu asanakhulupirire nambala, ndipo loyamba ndi limene limandipweteka mutu chifukwa anthu salifunsa: mwa ana angati?

Tiyerekeze kuti sukulu ina inalembetsa ana 20 ndipo onse akhoza. Ina inalembetsa 400, akhoza 300, ndiye kuti 75 peresenti. Pachikwangwani yoyamba ija ikuwala, koma ana ambiri a setifiketi atuluka ku yachiwiriyo. Ndipo pa kasukulu ka ana 20, awiri okha akagwidwa ndi malungo sabata ya mayeso n'kulephera, peresenti imatsikira pa 90, anthu n'kuyamba miseche yoti ahedi atopa. Ana awiri basi!

Funsaninso kuti kalasiyo inayamba ndi ana angati. Mtsikana amene anasiyira panjira chifukwa cha mimba, kapena mnyamata amene anauzidwa kuti abwereze poopa kuti aipitsa mbiri ya sukulu, mu peresenti mulibemo. Zili ngati mulu wa tomato pamsika: wamkulu ali pamwamba, wophwanyika ali pansi. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2022, boma litachotsa fizi m'sukulu zake, makalasi anadzaza thothotho. Kuyerekeza zotsatira za lero ndi za kale osatchula zimenezi n'kumunamizira mphunzitsi.

Funso lachiwiri ndi lapafupi: nambala yabwino ndi yaikulu kapena yaing'ono? Pa giredi 12, 1 ndiye wapamwamba, 9 ndi kulephera.

Koma mu Kabwe muli nambala ina imene pa lipoti la sukulu siilembedwa. Mgodi wa Broken Hill unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsala m'dothi ndi m'fumbi la ku Kasanda, Chowa ndi Makululu. Ukalowa m'magazi a mwana umasokoneza ubongo: amachedwa kugwira zinthu, amaiwala, sakhazikika m'kalasi. Bungwe la World Health Organization limati palibe mlingo wa mtovu umene ulibe vuto, ndipo ukafika pa mamaikulogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi, pafunika kufufuza kumene ukuchokera. Mphunzitsi woona malikisi okha amalemba kuti "waulesi", kholo n'kuthyola mkwapulo. Sikuti mwana aliyense wolephera ali ndi mtovu, ayi, ena ndi njala, ena kujomba. Komabe inu okhala kufupi ndi mgodi, mwana akamabwerera m'mbuyo pa maphunziro, kamuyezetseni magazi, ndipo nambalayo akulembereni papepala.