Kumatirira si Kumwerera: Mawu a Sayansi ya Madzi

Mphunzitsi wa sayansi ku Chonde, m'boma la Mulanje, akafuna kulongosola chifukwa chimene madzi amatope amayerera akathiridwa ufa wa njere za chammwamba, amasoŵa mneni woyenera. Ambiri amangoti ufawo "umamwa" matope. Apa m'pamene pagona vuto, pakuti Chingerezi chili ndi mawu aŵiri, absorption ndi adsorption, osiyana lemba limodzi lokha koma onena zinthu zosiyana kotheratu.

Thonje likaviikidwa m'madzi, madziwo amaloŵa mpaka m'kati. Uku ndiko kumwerera. Koma zochitika m'ndowa ija n'zina. Tizidutswa ta dongo tili ndi mphamvu ya magetsi ya negetivi pakhungu pake, motero timakankhana ndipo sitidikha msanga. M'njere za chammwamba muli mapuloteni a mphamvu ya pozitivi. Mapuloteniŵa amagwira pakhungu pa kadongo kalikonse, osaloŵa m'kati, ndipo amathetsa kukankhana kuja. Tizidutswato timaundana, timalemera, n'kumira pansi. Ife tikuti mchitidwe umenewu uzitchedwa kumatirira. Tidalingalirapo za mneni wakuti kukakamira, koma tidaona kuti oŵerenga angaganizire za liuma la munthu.

Nkhaniyi si ya m'mabuku mokha. Mu 1994 akatswiri a ku yunivesite ya Leicester pamodzi ndi a ku Polytechnic adayesa njere zimenezi pamalo oyeretsera madzi a ku Thyolo, m'nyengo ya mvula, m'malo mwa alamu wogula kunja, ndipo madzi adayera mofanana ndi mmene alamu amayeretsera. Mlembi akumbukire kuti muyeso ndi wofunika: ufa ukachulukitsa umakuta kadongo konse ndi mphamvu ya pozitivi, kukankhana n'kuyambiranso. Mneni wakuti kumwa sangathe kufotokoza zimenezi, chikhalirecho wakuti kumatirira amatha, popeza khungu likadzaza palibenso pogwira.

Palinso gulu lina lovutirapo kulitchula. Kunanda kwa thelele lobala kumachokera ku timaunyolo tatitali ta shuga wolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Zigawo zambiri za unyolowo zimakonda madzi, koma zina zoŵerengeka zimawathaŵa n'kutsamira ku mafuta. Tsono unyolo wotere ukapeza dontho la mafuta m'madzi, umakhazikika pamalire peniŵeni: zigawo zothaŵa madzi zimagwira mafuta, zotsalazo zimatambalala m'madzi ngati mpanda, ndipo madontho salumikizananso. Manthova a mtengo wa Acacia senegal, amene dziko la Sudan limagulitsa kwambiri, amagwira ntchito yomweyi m'zakumwa za m'mabotolo.

Mnzathu wina adapereka ganizo lakuti unyolo wotere tiziutcha nthirakuŵiri. Dzinali n'lokoma kukamwa, ndipo ana sangaliiŵale, komabe limanyoza, pamene unyolowo sunamiza mbali iliyonse. Pakadali pano tikulemba kuti unyolo wokonda paŵiri, ngakhale kuti n'kutalikitsa mawu.

Pa dzina la unyolo weniweniwo sitikuona cholakwa kubwereka: polima, zambiri mapolima, m'gulu la maina limodzi ndi puloteni. Malo okumanira mafuta ndi madzi, kapena dongo ndi madzi, akhale malire basi. Aphunzitsi amene ayese mawuŵa m'kalasi atilembere, makamaka ngati ana akusokonezabe kumatirira ndi kumata, mneni amene amafuna womata ndi chomatira.