Colette Woyera, Wokonza Nyumba za Ana a Clara

Akristu anzathu a ku Dzoole, mudziwa kuti munda suguga tsiku limodzi: udzu ulowa pang'onopang'ono, mwini wake ali m'tulo. Momwemonso zidachitikira nyumba zina za masisitere kale ku Ulaya.

M'chaka cha 1212 Clara Woyera adasiya chuma cha makolo ake ku Assisi, natsata Francis Woyera pa njira ya umphawi. Lamulo lake, lokaniza ana ake kukhala ndi minda kapena chuma, Papa adalivomereza mu 1253, Clara atatsala masiku 2 kuti amwalire. Koma mu 1263 Papa Urban IV adapereka lamulo lofewerapo, lolola nyumba zao kusunga chuma. Nyumba zambiri zidatsata limenelo, ndipo m'kupita kwa zaka zina zidalekerera kusala ndi kukhala chete.

Tsono Mulungu adautsa mwana wa mmisiri wa matabwa, dzina lake Colette, wobadwira ku Corbie m'dziko la France mu 1381. Makolo ake atamwalira, iye adagawira amphawi zake zonse, ndipo mu 1402 adadzitsekera m'kachipinda pambali pa tchalitchi. Adatulukamo mu 1406, nthawi imene Eklezia adali wogawanika, anthu awiri akulimbirana mpando wa Petro. Ku Nice adaonana ndi Benedict XIII, amene Afalansa ankamumvera, nalandira chilolezo cha kubwezera ana a Clara ku lamulo loyamba.

Ntchitoyo idayamba ndi misozi, pakuti kwao komwe ku Corbie adamkana. Koma mu 1410 adalowa m'nyumba ya ku Besançon, ndipo kumeneko mbeu idamera. Masisitere ake ankayenda opanda nsapato, osadya nyama, osatuluka kunja kwa mpanda, nadzuka pakati pa usiku kukapemphera. Pomwalira iye ku Ghent pa 6 Marichi 1447, adali atakhazikitsa nyumba 17. Papa Pius VII adamlemba m'gulu la Oyera mu 1807.

Ana a Clara alipo ndi kwathu kuno, ku Lilongwe, kumene atamanda Mulungu m'Chichewa ndi ng'oma.

Onani, Colette sadabwere ndi lamulo latsopano ai. Adangofukula lakale lija, nayamba kulisunga iye mwini asanauze anzake. Nanga inu bambo, inu mayi, mapemphero a madzulo amene mudalonjeza pa tsiku la ukwati wanu adathera kuti? Musadikire kuti mnzanu ayambe. Gwadani usiku uno, ana adzakutsatani.