Bwanji nkhani ya anamapopa siifa?

Sabata yatha pagulu la WhatsApp la m'dera lathu panagwa voice note. Mayi wina ankalankhula mwawefuwefu kuti galimoto yakuda yopanda nambala ikuzungulira usiku, tisagone tulo. Ola lisanathe, mawu oti anamapopa anali atatuluka kale. Ine ndinangofunsa kuti, "Waiona ndani galimotoyo?" Aliyense anamva kwa mnzake wa msuweni wake.

Nkhaniyitu ndi yakale kuposa mafoni athuwa. Pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, kuyambira mu 1968, kunamveka kuti boma likutumiza magazi ku South Africa pobweza ngongole. Mu 2002 mphekesera zinabukanso, njala itangovuta kumene. Mu 2017 zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe, anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la UN linachotsa antchito ake m'mabomawo. Namapopa weniweni, ngakhale mmodzi, sanapezeke.

Ndiye anthu okhulupirirawa ndi opusa? Ayi ndithu. Ena ndi aphunzitsi, ena ndi makolo athu. Ubongo wa munthu sukondwa ndi zinthu zopanda tanthauzo. Munthu wadzuka wofooka, mwina ndi malungo kapena njala, ndiye dzulo lake kunabwera alendo a galimoto yabungwe. Mutu umalumikiza ziwirizi wokha. Komanso vuto likakula timafuna kuti wolichititsa akhale wamkulu ndi wobisika. Kunena kuti tikuvutika chifukwa mvula inadula sikukhutiritsa. Kuloza munthu chala kumatipatsa chochita, ngakhale chochitacho chikhale kutola miyala.

China chomwe chimandiopsa kwambiri ndi kubwereza. Akatswiri a kaganizidwe anapeza kalekale kuti chinthu ukachimva kangapo chimayamba kumveka choona, ngakhale popanda umboni watsopano. Tangoganizani: voice note imodzi yakupezani pagulu la tchalitchi, la anzanu akusukulu, kenako la pabanja. Mukuona ngati mboni zitatu, chonsecho ndi munthu mmodzi yemweyo. N'chifukwa chake WhatsApp inaika chizindikiro cha "Forwarded many times", koma kaya ndi angati timachiwerenga.

Tisanamizanenso, kukayikira kuli ndi pochokera. Anthu achialubino akhala akuphedwadi kuno, ndipo ndalama za boma zinabedwadi pa Cashgate mu 2013. Ziwembu zenizeni zilipo. Kusiyana kwake n'koti zimenezi zinasiya umboni: matupi, macheke, milandu kukhoti, anthu omangidwa. Mphekesera ya anamapopa imadya chilichonse. Apolisi akatsutsa, akuti adya nawo. Umboni ukasowa, akuti anamapopa amazimiririka. Ngati palibe chomwe chingakusinthitseni maganizo, pamenepo simukufufuzanso, mwangosankha mbali basi.

Ine ndisanatumize uthenga ndimafunsa kuti anaona ndi maso ndani, kuti komanso liti, kenako ndimadzifunsa kuti ukakhala bodza avulale ndani. Nthawi zambiri amakhala mlendo wosochera, munthu wodwala maganizo, kapena wazaumoyo amene wanyamula chikwama cha zipangizo. Ndipo pagulu musamutche munthu mbuli, amangoumirira. Mufunseni ku inbox.

Za galimoto yakuda ija, mkulu wina anayankha madzulo kuti ndi ya mlamu wake, waigula kumene ndipo nambala sinatuluke. Pagulu la anthu ambirimbiri, anaika chala cha like ndi awiri okha.