NYENYEZI YA MAIKO ASANU NDI AWIRI

M'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa likuswa mtengo ndipo alimi akudikira mvula yoyamba, gulu la nyenyezi dzina lake Aquarius limakhala pamwamba pa mitu yathu ca m'ma 9 koloko usiku. Ndi limodzi mwa magulu 12 amene dzuwa limaoneka ngati likudutsamo pa caka. Anthu akale a ku Babylon ndi ku Greece poliyang'ana ankati ndi munthu wotsanula madzi mu mtsuko.

Masiku ano akatswiri a zakuthambo akufunafuna madzi enieni m'gulu lomweli. Muli kanyenyezi kofiira, TRAPPIST-1, kamene maso paokha sangakaone. Kali kutali kotero kuti kuwala kwake, kothamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kumatha zaka 40 pa ulendo wofika kuno. Mwana wobadwa tsiku limene kuwalako kunanyamuka, lero ndi kholo la ana akuluakulu.

Mu 2016 akatswiri a ku Belgium, motsogozedwa ndi Michaël Gillon, analengeza kuti kanyenyezika kali ndi maiko okazungulira. Anawaona ndi makina oonera kutali amene ali pa phiri ku Chile. Pofika mu 2017 maikowo anakwana 7, onse a miyala, ndipo ukulu wao sukusiyana kwambiri ndi dziko lathu.

Nanga anawapeza bwanji? Inswa ikadutsa patsogolo pa nyali, kuwala kumacepako pang'ono. Cimodzimodzinso dziko likadutsa pakati pa nyenyezi yake ndi ife, nyenyeziyo imazilala pang'ono. Poyeza kuzilalako, akatswiri amadziwa ukulu wa dzikolo, ndipo powerenga masiku a kubwereza kwake amadziwa utali wa caka cake.

Maikowa ali pafupi kwambiri ndi nyenyezi yao, monga ana ozungulira moto wa makala m'nyengo yacisanu. La pafupi kopambana limamaliza caka cake pa tsiku limodzi ndi theka, la kutali pa masiku 19. Popeza motowo ngwozilala, maiko atatu a pakati ali pamalo amene madzi angakhale osauma ndi kutentha kapena kuundana ndi kuzizira.

Koma malo abwino paokha sakwanira. Dziko lopanda mpweya wolifunditsa silingasunge madzi. Makina a James Webb, amene anaponyedwa kuthambo mu Disembala 2021, anapima dziko la pafupi kopambana mu 2023. Anapeza kuti mbali yake yoyang'ana nyenyezi imatentha kupitirira madigiri 200, ndipo cikuoneka kuti liribe mpweya wokwanira. Tsopano maso a akatswiri ali pa maiko a pakati aja.

Maiko ozungulira nyenyezi zina amene apezeka kale apitirira 5,000. Pa onsewo palibe ndi limodzi lomwe limene latsimikizika kuti lili ndi mtsinje, mtengo kapena camoyo ciri conse. Mvula imene tikudikira, yomeretsa cimanga ndi kudzaza Luangwa, ikudziwika pa dziko limodzi lokha, lathu lino.